Pansonga, Pamene Kafue Amabwezera Anthu Ake

1969

"Iwe wa Kum'mawa, nyamuka apo. Wankhala pa atate anga."

Ndinali ndi mbatata m'kamwa ndi kapu ya tiyi m'manja. Ndinayang'ana kumtsinje. Munthu wamtali wowonda anali ataima m'bwato, nkhafi ili m'manja, akundiyang'ana. Ndinayang'ana pansi. Ndinali nditakhala pa mulu wa miyala pansi pa mkuyu, pamene ndinali kudyera masana alionse chiyambire ntchito pamalopo. Ndinkayesa kuti ndi miyala yotsala kwa amisiri amene anamanga nyumba ya pampu. Ndinadzambatuka mpaka tiyi anatayikira pa ovololo. Munthuyo anakocheza bwato, anakwera pamwala osafulumira, nandiuza kuti wakhala akundionera pamadzi masiku ambiri, kudikira kuti mwina ndizindikira ndekha. Anati atate ake anali munthu wokonda alendo, koma mlendo wabwino amakhala pambali pa mwini nyumba, osati pamutu pake. Ndinavula chipewa. Ndinafunsa kuti ndilipire chiyani, poti kwathu mlandu wotere ndi wa mbuzi. Anayang'ana mbatata yanga nati theka lake likwanira. Tinadya. Dzina lake anali Hamoonga, Mtonga, msodzi wa pamenepo. Anali wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri.

Inu ana anga mwandifunsa kawirikawiri chifukwa chake tinachoka m'nyumba ya ku Estates, ya magetsi ndi mpopi m'kati, n'kukakhala ku komboni kumene munakulira mukutunga madzi ndi ndowa. Amayi anu ankati kafunseni atate anu. Ine ndinkati pitani mukasewere. Tsopano ndakalamba, maso akutha. Ndilemba kamodzi. Koma simungamve ngati simudziwa malo aja ndi munthu uja.

Ife antchito tinali kutcha malowo Pansonga. Atonga anali ndi dzina lawo limene lilime langa linalephera. Mukaima pamenepo n'kuyang'ana kumadzulo, simuona phiri ngakhale limodzi. Ndi dambo lokhalokha, udzu ndi bango mpaka kumene maso athera, ndipo mtsinje umabwera m'menemo mwaulesi, ukukhotakhota. Kum'mawa ndiko kuli mapiri, kumene madzi amalowa m'chigwa n'kuyamba kuthamanga. Pansonga ndi mwala umodzi wautali wochokera kumtunda, umene unalowa mumtsinje ngati chala. Kukhosi kwake ndi kopapatiza, lole imodzi yokha ingadutse. Kutsogolo kwake kunali mkuyu, mitengo ya minga, ndi nkhwazi ziwiri zimene sizinachoke zaka zonse ndinali kumeneko. Madzi akasefukira dziko lonse limamira, Pansonga pokha pamatsala pouma. Pamwalapo pali maenje osalala amene Hamoonga anati amayi akale ankaperamo mapira, njanji isanafike. Palinso mphete ziwiri zachitsulo zokhomedwa m'mwala, dzimbiri lokhalokha. Anati azungu omanga mlatho wa sitima ankamangirirapo mabwato awo a katundu. Agogo ake ankaolotsa anthu pamenepo, ng'ombe zikusambira pambuyo pa bwato.

Kumbuyo kwa nsongayo madzi amazungulira. Chilichonse chimene mtsinje watenga kumtunda chimafika pamenepo n'kuima. Mitengo, ukonde woduka, ng'ombe yakufa, ndi anthu. Asodzi a pamenepo anali ndi mwambo wawo. Munthu akamira, samunyamula kupita naye kumudzi kapena kumanda a anthu onse. Amamuika pamene madzi amusiya. Ankati mukamuchotsa, madzi amabwera kudzamufuna, ndipo akamusowa amatenga wina wa m'banja lomwelo. Ine ndine wa tchalitchi. Sindinatsutse, sindinavomere. Ndinangoona kuti milu ya miyala pansi pa mkuyu inali yambiri, ndipo kuyambira tsikulo ndinali kudyera pakhomo pa nyumba ya pampu.

1962 mpaka 1968

Ndinafika ku Kafue kuchokera ku Katete, sukulu nditalekezera panjira. Amalume anga anali ku njanji. Anandipezera ntchito yomwetsa sitima. Sitima za nthawi imeneyo zinali za malasha, ndipo zinali kumwa madzi kuposa khola la ng'ombe. Ntchito yanga inali kuyang'anira pampu yokweza madzi ku thanki, ndi kukoka chipaipi sitima ikaima. Bwana wanga woyamba anali mzungu wamfupi amene tinamutcha Bwana Sopo, chifukwa akagwira chilichonse anali kuthamangira kukasamba m'manja. Anali waukali. Dzina langa sanaliphunzire, kwa iye tonse tinali boyi. Koma anandiphunzitsa chinthu chimodzi: kuika sipanala pa injini, mbali inayo kukhutu, n'kumva ngati m'kati muli matenda. Ndadyera chimenecho moyo wanga wonse, ndiye sindimutukwana.

Ufulu unandipeza pantchito. Kubwalo kunali ng'oma, mbendera yatsopano ndi nyama ya ng'ombe. Ine ndinafikako mochedwa chifukwa sitima ya ku Livingstone inafuna madzi monga masiku onse. Ndinapeza mafupa. Ndinakondwa ndithu. Chaka chotsatira ndinapita kumudzi kukatenga amayi anu. Pobwera ndinapeza Bwana Sopo atapita kum'mwera osatsanzika. Sopo wake anamusiya pazenera, tinagawana.

Kenako Kafue inasintha tikuona. Thengo limene tinali kukumbako mbewa Loweruka linagwetsedwa ndi mathirakitala. Kunamera fakitale ya nsalu, kenako ya feteleza ndi chumuni chake cha utsi wachikasu. Anamanga Estates, nyumba m'mizere, misewu ya tala. Anthu anabwera ndi masutikesi kuchokera ku Migodi, kwathu Kum'mawa, kulikonse. Pamsika munali kumva zilankhulo zonse. Ku njanji kunayamba kumveka kuti kukubwera sitima za dizilo, zimene sizimwa madzi. Tsopano mafakitale ndiwo anali ndi ludzu. Kampani yopereka madzi ku mafakitale inamanga pampu zazikulu Pansonga, chifukwa pokhapo ndi pamene panali mwala wolimba ndi madzi akuya. Anafuna munthu wodziwa pampu. Amalume anati ndisachoke, njanji siifa. Ndinachoka.

1970 mpaka 1977

Mdani wathu anali udzu wa m'madzi. Unali kubwera m'zilumba zoyandama n'kutseka sefa ya chipaipi chachikulu, pampu n'kuyamba kutsokomola. Tinali ndi mareki aatali okokera udzuwo, koma sanali kufika patali. Hamoonga anali kubwera ndi bwato lake n'kukankha zilumbazo ndi nkhafi mpaka zilowe m'madzi othamanga. Palibe amene anamulemba ntchito. Ifenso palibe amene anatiuza kuti tizimulola kuyanika nsomba pamwala, iye ndi anzake, nthawi ya madzi ambiri. Zinangokhala choncho. Ine ndinali kumukonzera njinga yake yokagulitsira nsomba m'tauni. Iye anali kundisiyira milamba pakhomo pa pampu, osanena kanthu. Lameki, iwe unakula ndi milamba imeneyo, ndipo unali kulira ukaona ndevu zake m'mbale.

Anali wolongolola, ine ayi, ndiye tinagwirizana. Anali kudziwa mbiri ya mulu uliwonse pansi pa mkuyu. Uyu anagwa m'bwato ataledzera pobwera ku ukwati. Uyu anali mlendo wa ku Chanyanya, anamuika osadziwa dzina. Uyu ndi mkulu wake wa Hamoonga yemweyo, anapita kukapulumutsa ukonde. Anali kuwanena ngati anthu okhala nawo pafupi, ena kuwaseka, ena kuwadandaula kuti anapita asanabweze nkhwangwa yake. Ine ankandiseka kuti ndakhala zaka pamtsinje koma kusambira sindidziwa. Tsiku lina anandikweza m'bwato kuti andiphunzitse kupalasa. Tinangozungulira pamalo amodzi mpaka amayi oyanika nsomba anagwa nako kuseka. Anati Mngoni ndi bwato zili ngati mbuzi ndi njinga. Tili pamadzi pomwepo ndinamufunsa ngati saopa mtsinje umene unatenga atate ake ndi mkulu wake.

"Niyopa maningi," anatero. "Wamene sayopa ali pansi pa mkuyu."

Boma litamanga damu kuchigwa n'kutseka mtsinje, madzi anabwerera m'mbuyo. Anakwera pang'onopang'ono, osatsikanso monga kale. Madooko ena a asodzi anamira. Pansonga panachepa. Maenje ambiri operera mapira analowa m'madzi, pamodzi ndi milu ya miyala ya m'munsi. Ndinayesa kuti Hamoonga adzalira. Ndinamupeza akusoka ukonde. Anati amenewo anali a madzi kale, madzi angobwera kudzawazonda. Koma kuyambira pamenepo, akamachokera kutsidya, anali kubwera ndi mwala umodzi kapena iwiri m'bwato n'kuiwonjezera pa mulu wa atate ake, umene unali pamwamba.

Malire a kum'mwera, a dziko lathu ndi Rhodesia, atatsekedwa, zipangizo zinasowa. Girizi kunalibe. Magasiketi tinali kudula ku machubu akale a lole. Lamba wa pampu yachiwiri anaduka. Tinadikira watsopano mpaka tinaiwala, ndiye ndinasoka wakaleyo ndi waya. Kunyumba nako kunali mizere ya sopo, mafuta ophikira ndi unga. Amayi anu anali kuima pamzere tsiku lonse n'kubwera ndi kabotolo kamodzi. Mafakitale anali kuimba foni kuti madzi achepa, ngati ife tinali kuwamwa. Bwana wathu wa nthawi imeneyo anali Mmwenye wa kontirakiti, munthu wofatsa wodwala m'mimba. Anatopa, anabwerera kwawo.

Ndiye kunabwera Chanda. Anali injiniya wathu woyamba wa m'dziko muno, Mbemba wa ku Migodi, wamng'ono kwa ine. Inu mukudziwa kuti Mngoni ndi Mbemba ndi chimbuya. Timatukwanizana popanda mlandu, ndipo pamaliro ndife timaikana. Tsiku loyamba anatsika mu Landirova atavala tayi. Anayang'ana lamba wosokedwa ndi waya uja nafunsa kuti wachita zimenezi ndani. Ndinati ndine. Anafunsa dzina. Ndinati Tembo.

"Tembo? Kanshi ni mbeba zamene zinadya lamba."

Ndinamuyankha kuti mbewa za pano tinazidya kale zonse, kwatsala anyani okha, ndipo ndamva kuti wodya anyani wafika lero. Antchito anzanga anaima chilili, kuyesa kuti ntchito yanga yatha. Chanda anaseka mpaka anavula tayi. Tsiku lomwelo anagwada nane m'mafuta kuona mmene ndinasokera. Anali bwana wabwino. Anali kukalipa, koma akalakwa anali kuvomera. Zipangizo anali kuzipempha ku mafakitale ngati munthu wopempha mchere, ndipo nthawi zina anali kubwera nazo. Hamoonga anamudziwa. Anali kukangana naye za kukula kwa nsomba, Chanda akunena kuti za kwawo ku Luapula ndi zazikulu ngati chitseko, Hamoonga akumuuza kuti abwerere akadye chitsekocho. Anamutcha Bwana Tayi, ngakhale tayiyo sanaivalenso Pansonga.

Chanda ndiye anandikweza kukhala kapitao wa sitesheni yonse. Ndi udindowo kunabwera nyumba ya kampani ku Estates. Tsiku limene tinalowa, amayi anu anaima m'khichini akutsegula mpopi n'kuutseka, kuutsegula n'kuutseka. Ndinawauza kuti madzi amenewo ndimawadziwa, ndi omwe aja a mumtsinje. Anati ndikhale chete. Anabzala mapapaya kuseri, ndi maluwa kutsogolo ngati mkazi wa mphunzitsi. Inu munali kupita kusukulu ndi nsapato zopanda matope. Zaka zimenezo zinali zabwino. Sindibisa.

1978

Nkhondo ya ku Rhodesia inafika mpaka kwa ife. Ndeke zawo zinali kulowa m'dziko. Kunali mantha kuti adzaphulitsa milatho, magetsi ndi pampu za madzi. Lamulo linachokera ku likulu la kampani ku Lusaka kuti malo onse a pampu atchingidwe, mlendo asalowe, bwato lisayandikire. Anakhoma waya wa minga kukhosi kwa nsonga, ndi geti yachitsulo. Anaika alonda osinthana, ndi mfuti. Mkuyu ndi manda zinatsala m'kati. Chanda anandipatsa kiyi. Tsiku limenelo sanaseke. Anati amene adzalowetse munthu, ntchito yatha tsiku lomwelo pamodzi ndi nyumba, ndipo iye sadzatha kumuthandiza. Lamulolo silinali lopusa. Pampu zija zikanaphulika, mafakitale akanaima, ndipo theka la Kafue likanagona ndi njala.

Amene anakauza Hamoonga ndi ine. Ndinamupeza m'bango kunja kwa waya, kumene anasamutsira dooko lawo, m'matope ofika m'maondo. Anamvetsera mpaka ndinatha. Anati tsopano kapitao wa pampu wakhala kapitao wa akufa, ndiye ndiziwayang'anira bwino chifukwa mkulu wake ndi wothawathawa ntchito. Kenako anandipempha kuti ndizizula udzu pa mulu wa atate ake. Ndinali kuzula. Udzu wa m'madzi tinatsala nawo tokha ndi mareki athu, ndipo pampu zinali kutsokomola kuposa kale. Nthawi zina ndinali kumuona patali pamadzi, ataima m'bwato, akuloza ndi nkhafi kumene chilumba chachikulu chikuchokera. Milamba anayamba kuipachika pawaya.

Malichi 1979

Madzi anali ambiri chaka chimenecho. Ndinamva pamsika kuti mvuu yagubuduza bwato kumtunda, mmodzi wapulumuka, wina sanaoneke. Dzina sindinafunse. Pawaya panalibe milamba tsiku limenelo, ngakhale lotsatira. M'mawa wina ndinatsika ndi reki kukachotsa udzu pa sefa. Ndinamupeza kumbuyo kwa mwala, pakati pa udzu, chafufumimba. Ndinamudziwa ndi chovala kuti ndi Hamoonga. Inali ovololo yanga yakale imene ndinamupatsa, iye n'kuidula manja. Ine ndi mlonda tinamukokera pamwala. Ndinamufunditsa tenti ya pampu.

Ndinaimba foni ku ofesi. Chanda anali ku Lusaka ku msonkhano. Kalaliki anati dikirani. Apolisi anabwera, anaona, anafunsa amene anapulumuka uja, nati nkhani ndi ya mvuu, abale atha kuika maliro. Anati timutulutsire kunja kwa geti. Anapita.

Apa n'kuti anthu atafika kale. Mabwato anaima patali pamadzi, kuopa mfuti. Kugeti kunali amuna ndi makasu ndi mphasa, amayi atakhala pansi. Sanali kulira mokweza. Mkazi wa Hamoonga, amene tonse tinali kumutcha bina Mutinta, ndiko kuti amake Mutinta, anabwera pawaya. Anali mayi wamfupi wosalankhulalankhula. Zaka zonsezo ine ndi iye sitinapitirire pa moni.

"Ba Tembo, bafikira pati?"

Ndinati kumbuyo kwa mwala, kumunsi kwa mkuyu.

"Ninshi bafika kwao. Segulani."

Ndinamuuza lamulo. Ndinamuuza kuti tidzamunyamula mwaulemu, ndidzapempha lole ya kampani, manda a m'tauni ndi abwino. Anandimvera mpaka mau anandithera. Kenako analoza amuna awiri amene anaima ndi makasu. Anati amenewo ndi ana ake, ndipo maliro akatha adzakwera bwato chifukwa ntchito ina alibe. Anati ngati ndimutulutsa mdala, ndisankhiretu ndekha amene madzi adzatenge mwa awiriwo. Sanachonderere. Anabwerera kukakhala pansi.

Ndinapita m'nyumba ya pampu. Ndinaima pakati pa injini, m'phokoso, poti ndi pamene ndimaganizira bwino. Dzuwa linali kukwera, ndipo munthu wokhala m'madzi masiku amenewo sadikira bwana. Ndinaganiza za inu. Ndinaganiza za amayi anu ndi mpopi wawo. Ndinaganiza kuti zaka zanga zapita, ndipo kampani ikakuchotsa pa mlandu wotere, ina siikulemba. Kaya madzi amabweradi kudzafuna munthu, sindidziwa mpaka lero. Chimene ndinadziwa ndi chakuti Hamoonga anakankha udzu pa sefa yanga zaka zonsezo osapempha malipiro, mtsinje unamubweretsa pafupi ndi atate ake, ndipo ine sindikanamukweza pa lole ngati thumba la feteleza.

Amayi anu sindinawafunse. Nthawi inalibe. Anamva kwa akazi anzawo ine ndisanafike kunyumba. Sanandilankhule mpaka tsiku losamuka. Lole itadzaza, anapita kuseri, anakumba kamtengo ka papaya kakang'ono n'kukakulunga m'thumba. Tili panjira yopita ku komboni anati ndikanapanda kutsegula geti ija, akanakhala m'nyumba yabwino ndi mwamuna woipa nkhope moyo wonse, ndiye kaya chabwino ndi chiti. Sananenenso za nkhaniyi mpaka anamwalira. Ine ndinakhala wokonza pampu za m'mafamu a m'mbali mwa msewu wa Lusaka, pa njinga, mpaka maondo anakana. Simunagone ndi njala. Koma ndowa munanyamula, ndipo ndikudziwa.

Tibwerere ku tsiku la malirolo. Mlonda anali munthu wa zaka zanga, wa ana akenso. Ndinamuuza kuti alowe m'nyumba ya pampu ndi mfuti yake, ayang'anire injini, asatuluke. Akafunsidwa anene kuti kapitao ndiye analamula. Anapita msanga. Ndinatsegula geti. Ndinapita pamwala n'kukodola mabwato ndi chipewa.

Dothi la Pansonga ndi lochepa, pansi pake ndi mwala. Anakumba pakati pa mizu ya mkuyu, pambali pa atate ake. Inenso ndinagwira khasu, palibe amene anandiletsa. Anamukulunga m'mphasa ndi ovololo yomweyo. Bwato lililonse linabwera ndi miyala. Anthu anaima mzere kuchokera kumadzi, akupatsirana. Amayi anaimba pansipansi m'Chitonga. Pampu zinali kulira monga masiku onse, ndipo ndinapitako kukamvera ndi sipanala. Palibe amene anakhudza paipi, waya kapena chitseko. Ngakhale ana anawagwira m'manja.

Landirova inafika miyala yomaliza ikuikidwa. Chanda anatsika, anaima pageti yotsegula, anayang'ana anthu, mabwato, ndi ine. Kenako analowa. Anatola mwala pansi, anakauika pamulu, anagwira dzanja la bina Mutinta ndi manja awiri. Anthu anayamba kubalalika, ena pamadzi, ena pageti. Mnzanga wa shifiti ya masana anafika, ndinamusiyira injini. Tinatsala awiri pageti, ine ndi Chanda.

"Mbuya, wanipaya," anatero, ndiko kuti ndamupha.

Anati kalaliki waimbira kale ku Lusaka, ndipo lipoti liyenera kupita lero lomwe. Anagwira loko imene inali kulendewera pageti, akuitembenuza. Anati maloko a masiku ano ndi ofooka, khasu limodzi likwanira. Anati kapitao mmodzi sangaletse dooko lonse la asodzi okwiya, ndipo palibe amene angamuimbe mlandu. Iye atha kulemba kuti anthu anathyola loko n'kulowa ndi mphamvu. Ndinamva chimene anali kunena. Anali kundibwezera ntchito ndi nyumba. Koma masiku amenewo kuthyola malo a pampu sunali mlandu wa apolisi, unali wa asilikali, ndipo oyamba kutengedwa akanakhala amuna awiri a makasu aja.

"Ganizira bana bako, iwe wakudya mbeba. Kamba chabe ati inde. Vinangu nizalemba neka."

Anayesa kuseka, sizinatheke. Ndinayang'ana kumtsinje. Mabwato anali kukwera kumtunda m'mbali mwa bango. M'lomaliza munali ana a Hamoonga, wina kutsogolo wina kumbuyo, amayi awo atakhala pakati.

Ndinakoka geti. Ndinakhoma loko. Ndinaigwedeza mwamphamvu kuti aone kuti ndi yamoyo. Kiyi ndinaiika m'dzanja lake n'kulipinda. Ndinatenga njinga yanga pawaya.

"Ba Tembo," anaitana. Chifikire sanandiitanepo choncho.

Njinga sindinaikwere. Ndinaikankha mpaka ku msewu wa tala.